Funsani loya: belo, apilo ndi chuma cha masiye

Makalata ambiri mwezi uno achokera kuchigwa, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Tasankhapo anayi, tawafupikitsa ndipo mayina tachotsa.

Mwana wanga wazaka 23 anamangidwa pomuganizira kuti anaba mbuzi ziwiri. Sabata yatha ali m'chitokosi, kukhoti sanapondeko. Wapolisi wina akuti ndipeze ndalama ya belo, komanso kuti mwanayo akangovomera mlandu nkhani ithera pompo. Ndigulitse njinga? — Mayi wa kwa Ngabu

Mayi, njingayo musagulitse. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo wapolisi amene akufuna ndalama kuti atulutse munthu akupempha chiphuphu. Ndalama zimalipidwa pa belo ya kukhoti yokha, ndipo ngakhale kumeneko zimaperekedwa kwa wolandira ndalama wa khoti, amene amakupatsani lisiti ya boma. Lisitiyo muisunge, chifukwa mlandu ukatha, munthu sanathawe, ndalamazo mumakazitenganso.

Vuto lalikulu m'kalata mwanumu ndi sabatayo. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera usiku, Loweruka, Lamlungu kapena pa holide, aonekere tsiku loyamba limene khoti latsegula. Wogwidwa Lachisanu madzulo ayenera kukhala pamaso pa majisitireti Lolemba. Mwana wanu ndiye kuti akusungidwa mosemphana ndi lamulo.

Mawa m'mawa pitani kupolisiko mukapemphe kuonana ndi mkulu wa polisiyo, osati amene mwampeza pakauntala. Mukamuuze tsiku ndi nthawi imene mwanayo anagwidwa, ndipo mukapemphe chimodzi mwa ziwiri: belo kapena khoti. Musapite nokha. Tengani anthu awiri okhazikika, odziwika pamudzi, okhala ndi ziphaso zaunzika, amene angaimirire mwanayo ngati mboni za belo. Kalata ya anyakwawa yosonyeza kuti mnyamatayo ndi wa m'mudzimo imathandiza kwambiri, pakuti apolisi akuchigwa amaopa kuti munthu akatuluka awolokera ku Mozambique. Mboni zidziwe chimene zikusayinira: sizilipira kalikonse tsikulo, koma mnyamatayo akathawa, ndalama yolembedwa papepalayo idzafunidwa kwa izo.

Mukaona kuti akungokuzengerezani, pitani kwa kalaliki wa khoti ya majisitireti imene ili pafupi nanu mukafunse kumene mungapeze a Legal Aid Bureau, maloya a boma othandiza anthu osowa ndalama, kapena alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene kuyambira m'chaka cha 2000 akhala akuyendera ndende, mapolisi ndi makhoti. Loya angathe kupempha khoti kuti lilamule apolisi kubweretsa munthuyo. Za chiphuphuzo mungakadandaule ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, kapena ku Independent Complaints Commission imene imafufuza madandaulo okhudza apolisi.

Tsono pa za kuvomera. Apa ndi pamene anyamata ambiri amadzimangira okha. Kuba ziweto, kaya ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba, ndi mlandu waukulu, ndipo chilango chake chingafike zaka 14. Munthu akavomera pamaso pa majisitireti, boma silibweretsanso mboni, khoti limangogamula. Ngati anabadi, kuvomera kumachepetsako chilango. Ngati sanabe, asavomere chifukwa chotopa ndi chitokosi. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asasayine kapena kudinda chala pa sitetimenti imene sanamuwerengere m'chiyankhulo chimene amamva bwino. Ngati chimenecho ndi Chisena, anene, ndipo kukhoti apemphe womasulira. Pali anthu amene amayankha "inde" pofuna kunena kuti funso alimva, kalembera n'kulemba kuti avomera mlandu.

Musaganizenso kuti mukalipira mwini mbuzi kumudzi ndiye kuti mlandu wafa. Mlanduwo tsopano ndi wa boma. Kubweza mbuzi kungafewetse chilango, koma wotseka fayilo ndi woimira boma pamilandu ndi khoti.

Khoti likamukaniza belo n'kumutumiza ku rimandi, yambani kuwerenga masiku. Malinga ndi kusintha kwa malamulo a kazengedwe ka milandu kwa mu 2010, munthu wa mlandu wozengedwa ndi majisitireti asapitirire masiku 30 pa rimandi mlandu wake usanayambe. Pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza, malire ndi masiku 90. Boma likafuna kuwonjezera liyenera kupempha khoti, ndipo owonjezerawo sapitirira 30. Malire amenewa amaphwanyidwa kawirikawiri, makamaka pamene palibe wachibale amene akufunsa.

Akapatsidwa belo, samalani ndi malamulo ake. Nthawi zambiri amauzidwa kuti azikaonekera kupolisi tsiku lakutilakuti. Nyengo ya dzinja mitsinje ikadzaza, makamaka kwa okhala tsidya la kum'mawa kwa Shire, munthu amalephera kuwoloka, khoti n'kutulutsa chikalata chomumanganso. Pempheranitu kuti azikasayina pa polisi yaing'ono yapafupi. Akalephera kufika kukhoti, wina mwa mboni zija afikitse uthenga tsiku lomwelo, asadikire kuti madzi aphwe.

Mchimwene wanga anagamulidwa zaka zisanu sabata yatha pa mlandu wothyola nyumba. Anaukana mlanduwo ndipo analibe loya. Tingachitepo chiyani? — Bambo wa ku Bangula

Bambo, thamangani. Anthu amati mlandu suola, koma apilo ili ndi masiku ake. Chidziwitso cholembedwa chakuti akufuna kuchita apilo chiperekedwe pasanathe masiku 10 chigamulire, ndipo chikalata chofotokoza zifukwa za apiloyo chifike pasanathe masiku 30. Chidziwitso choyambacho sichilira loya. Ndi kalata yaifupi yotchula dzina lake, nambala ya mlandu, khoti ndi tsiku la chigamulo, ndipo iye mwini angaipereke kudzera kwa mkulu wa ndende imene ali. Inu pitani kwa kalaliki mukapemphe kope la chigamulo, chifukwa loya aliyense adzayamba wafunsa chimenecho. Masiku akadutsa, khoti lalikulu la High Court lingalolebe apilo yochedwa pakakhala chifukwa chomveka, koma ndi ntchito ina yowonjezera.

Zifukwa za apilo zisakhale "ndili ndi ana". Zikhale zolozera pamene majisitireti analakwitsa: mboni inamuona usiku wopanda kuwala, katundu sanapezeke naye, sanapatsidwe mpata woitana mboni zake, kapena chilango chakula kuposa cha milandu yofanana. Dziwaninso kuti woweruza wa High Court ali ndi mphamvu yowonjezera chilango akaona kuti chinachepa. Nchifukwa chake fayiloyo aione kaye loya.

Amuna anga anamwalira mwezi watha, andisiyira ana anayi. Azichimwene awo atenga ng'ombe zitatu ndi malata amene tinagulira nyumba, akuti poti anandilowola, zonse n'zakwawo. Akutinso ndilowe kufa, apo ayi ndichoke pamudzi. — Mayi wa ku Nsanje

Pepani ndi maliro, mayi. Lamulo pa nkhani imeneyi silizungulira. Kuyambira mu 2011, pamene kunabwera lamulo latsopano la chuma cha masiye, palibe amene angatenge katundu wa womwalira ponena kuti mwambo ukumupatsa. Kaya ndi kwa Asena kumene amalowola, kaya kwa Amang'anja kumene kale mphwake wa malemu ankayang'anira chuma, lamulo ndi limodzi. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, kenako amene ankadalira malemuyo. Achimwene a malemu sali pamndandanda umenewu pamene mkazi ndi ana alipo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene ungapititse munthu kundende zaka 10, ndipo khoti lingalamule kuti katunduyo abwezedwe.

Katundu wa m'nyumba, monga mabedi, ziwiya, mipando ndi zofunda, ndi wanu ndipo salowa m'magawo. Chimene munagula ndi ndalama zanu, kapena gawo lanu pa zimene munapeza limodzi, si chuma cha masiye n'komwe. Ngati malatawo anachokera ku thonje kapena chitowe chimene munalima awiri, nenani zimenezo poyera ndipo tchulani amene anakuonani mukugula.

Tikuuzeniko ndi zimene mwina simungazikonde. Ana onse a malemu ali ndi gawo, ngakhale obadwira kunja kwa banja. Ngati panali mkazi wina wokwatiwa mwamwambo, nayenso amasunga katundu wa m'nyumba yake. Apongozi anu, ngati ankadya kuchokera m'manja mwa mwana wawoyo, amawerengedwa ngati omudalira ndipo khoti liwaganizira. Mukadzakwatiwanso simutaya zimene munalandira, kupatula zimene zili pa malo a makolo: zimenezo zimapita kwa ana amene munabereka ndi malemuyo. Amayi ena amaluza chikhulupiriro cha khoti chifukwa chobisa mwana wa mkazi wina, pamene mlandu wawo unali wowina kale.

Choyamba n'kulemba. Lero lomwe, m'kope, lembani katundu yense amene analipo tsiku la maliro: ng'ombe iliyonse ndi mtundu wake, yaikazi kapena yamphongo, chizindikiro chake, malata angati a mafiti angati, njinga, ngolo, minda ya kumtunda ndi ya kudimba, ndalama za ku banki m'khonde ndi za mufoni. Lembaninso amene anatenga chiyani, liti, pamaso pa yani. Zotsalazo zijambuleni pafoni. Ng'ombe ndiye zofunika changu, chifukwa zikangolowa mumsika kapena kwa opha nyama siziwonekanso. Dziwitsani anyakwawa ndi mlangizi wa ziweto wa dera lanu kuti ng'ombezo zili pa mkangano, asazilembere chilolezo chozisamutsa.

Kenako pitani ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support kupolisi mukanene kuti mwabwera kudzadandaula za kulanda chuma cha masiye. Ena angakubwezeni kuti ndi nkhani ya m'banja, mukakambirane. Kukambirana n'kwabwino, koma pemphani kuti dandaulo lilembedwe m'buku kaye. Tsatiraninso kalata ya imfa. Ngati anamwalirira kuchipatala, poyambira ndi komweko. Ngati ndi kunyumba, ndi kwa anyakwawa, kenako ku ofesi ya kalembera ya NRB kwa DC. Popanda kalata imeneyi banki kapena kuntchito kwa malemu sangakupatseni kanthu. Ku ofesi ya DC komweko kuli oona za chuma cha masiye amene angakuuzeni ngati pakufunika chikalata cha khoti chokupatsani mphamvu yoyendetsa chumacho. Ngati ng'ombe zatsala pang'ono kugulitsidwa, loya angapemphe chiletso cha khoti mwachangu.

Za kulowa kufa, mwambo wogoneka mkazi wamasiye ndi mwamuna wina wotchedwa fisi, mukane, ndipo lamulo lili kumbali yanu. Lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yoika moyo ndi ulemu wa munthu pachiswe, ndipo wopalamula angakhale kundende zaka 5. Si lamulo la papepala chabe: mu November 2016 bambo wina wa ku Nsanje komweko amene ankagwira ntchito ya ufisi anagamulidwa zaka ziwiri ndi lamulo lomweli. Wokakamiza naye ali ndi mlandu, osati fisi yekha. Mafumu ambiri akuchigwa analetsa kale mwambowu m'madera awo, choncho ngati anyakwawa ali mbali ya alamu anuwo, kwerani kwa agulupu kapena kwa mfumu yaikulu.

Mumangoti "pezani loya". Ife ndalama ya loya tiitenga kuti? Ndipo kuno maloya kulibe. — Mnyamata wa ku Nchalo

Funso lanu ndi loona, achimwene. Maloya ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo wolipidwa akatsika Thabwa, mafuta a galimoto amalipira ndi inu.

Legal Aid Bureau inakhazikitsidwira anthu ngati inu, ndipo inayamba ntchito mu 2015. Imathandiza pa milandu ya upandu komanso ya pakati pa anthu: malo, banja, chuma cha masiye, ntchito. Amayang'ana zinthu ziwiri, ngati mulibedi ndalama zolipirira loya, ndi ngati nkhani yanu ili ndi mutu. Mumalemba fomu yofotokoza mapezedwe anu, ndipo amene ali ndi kangachepe angauzidwe kuti asonkheko pang'ono, ndi lisiti. Maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu, ndiye fayilo ya munthu wongosiya n'kukakhala kunyumba imagona. Tengani nambala ya fayilo ndi dzina la amene akuiyendetsa, muzifunsa. Popita nyamulani chiphaso, masamoni kapena pepala la mlandu, makalata onse, ndi tsamba limodzi lolemba masiku a zimene zinachitika motsatana. Mapepala enieni musasiye kulikonse, siyani mafotokope. Kwanuko, kumene madzi osefukira amalowa m'nyumba usiku ngati nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, mapepala amenewa azikhala m'jumbo yomanga bwino, pamwamba, ndipo ena muwajambule pafoni.

Komanso si nkhani iliyonse yofuna loya. Wochotsedwa ntchito popanda kumumva mbali yake, monga zimachitikira ena m'minda ya nzimbe ndi m'mashopu, apite kwa mkulu woona za ntchito wa pa boma pasanathe miyezi itatu chimuchotsere, atanyamula kalata yomuchotsa ndi mapepala a malipiro. Zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la za ntchito la Industrial Relations Court, kumene munthu amatha kudziyankhulira yekha. Wozunzidwa ndi ofesi ya boma, monga kuchedwetsedwa penshoni kapena chipukuta misozi, alembere a Ombudsman, ndipo salipira kanthu. Zophwanya ufulu wachibadwidwe zimapitanso ku Malawi Human Rights Commission. Mayi womenyedwa m'banja angapemphe yekha kwa majisitireti chikalata chomuteteza pansi pa lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja.

Chenjerani ndi anthu oyendayenda pabwalo la khoti atanyamula chikwama, odzitcha maloya kapena onena kuti amadziwana ndi majisitireti. Loya weniweni ali ndi chilolezo cha chaka chimenecho, ndipo mungatsimikize dzina lake ku bungwe la maloya la Malawi Law Society musanapereke ndalama iliyonse.