Ndani anawaonetsa mndandanda wa osankhidwawo?

Mayi anzanga, ndawerenga zanuzi manja akunjenjemera, ndipo a admin mundikhululukire, nditalikitsa. Munthu n'kukuuzani kuti kupempherera mwana wanu wolowerera mu mowayo n'kutaya nthawi ngati Mulungu sanamusankhe dziko lisanalengedwe? Mawu amenewo ndimawadziwa bwino. Ine anandiuza pa maliro a mwana wanga.

Tinkakhala ku Chawama. Mwanayo anali khanda, tikudikira Sabata la ubatizo. Anayamba kutsegula m'mimba, kuchipatala anayesetsa, madiripu ndi zonse, koma anatisiya m'bandakucha. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno, mipando atulutsa panja, amayi tili pansi pa mphasa ndi matiresi, azibambo kunja azungulira mbaula. Mabere atadzaza mkaka mpaka kuwawa, azakhali anga atandimanga chitenje pachifuwa, bulauzi yonse yanyowa. Amayi a nyimbo ataimba mpaka mawu kusasa. Ndiye usiku analowa mnyamata amene ankatsogolera phunziro la Baibulo la m'nyumba limene ine ndi amuna anga tinkapitako. Mpingo wake sinditchula, musavutike kundifunsa ku inbox. Jekete yabwino, Baibulo lachingerezi lalikulu lija la ndemanga m'munsi. Anapempha kuti agawe mawu achitonthozo. N'kutsegula Aroma 9. Pa maliro a khanda! Yakobo ndi Esau, asanabadwe, asanachite chabwino kapena choipa, wina anakondedwa, wina anadedwa. Kenako anati tisathamangire kunena kuti mwanayu ali m'manja mwa Yesu, chifukwa zimenezo n'zobisika za Mulungu, ndipo ngakhale atakhala kuti sanali wosankhidwa, Mulungu alemekezekabe. Ananena akundiyang'ana ine. M'nyumba munangoti zii. Apongozi anga anayambitsa nyimbo kuti amutseke pakamwa, iye n'kukweza mawu kuti amalize mfundo yake. Ku Chingwere, kabokosi kakutsikira m'manda, sindinamve chilichonse chimene abusa ananena. M'mutu munkangozungulira funso limodzi, loti kodi mimba ija ndinanyamula munthu wolengedwera moto?

Mpaka lero sanapepese. Anabweranso patapita masabata atanyamula mapepala osindikiza ku intaneti, akuti choonadi chimawawa ndipo vuto langa n'loti ndikufuna Mulungu wofanana ndi ine. Mwana wa dzulodzulo, sanaikepo ngakhale nkhuku m'manda, zonse anaphunzira pa YouTube kwa alaliki a ku America. Ndikamuona pa Facebook akulemba za chisomo mtima umandiwira.

Ukali umenewo ndi umene unandiwerengetsa mabuku a malemu bambo anga, amene ankaphunzitsa kilasi kwathu kummawa. Ndipo mayi, dziwani kuti kukana kwanuko si kupanduka. Akhristu akhala akukana chiphunzitso chimenechi, choti Mulungu anasankhiratu opulumuka ndi otayika, kuyambira pamene chinatuluka.

Sanachiyambitse John Calvin, mphunzitsi wamkulu wa mipingo ya Reformed. Muzu wake ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, Mwafirika mnzathu, amene anamwalira mu 430. Polimbana ndi Pelagius, amene ankati munthu angathe kumvera Mulungu ndi mphamvu zake, Augustine anakankhira mbali inayo mpaka kufika ponena kuti anthu onse ndi mulu umodzi wotayika, Mulungu amangotolamo ena. Yemweyo ndi amene anaphunzitsa kuti makanda omwalira osabatizidwa amalangidwa, ngakhale chilango chake n'chochepetsetsa. Mukuona kumene mnyamata uja anatunga? Koma Augustine akadali moyo, amonke a ku Hadrumetum, ku Tunisia wa lero, anasokonezeka n'kufunsa funso lanu lomwelo: ngati zonse zinathera kale, kudzudzula wochimwa n'kwa chiyani? Ku Marseille a John Cassian nawo sanagwirizane nazo. Mipingo ya kummawa, ya Orthodox, sinachilandire mpaka lero. Msonkhano wa ku Orange mu 529 unavomereza kuti popanda chisomo palibe angapulumuke, koma unatemberera aliyense wonena kuti Mulungu anakonzeratu ena kuti achite zoipa. M'zaka za m'ma 800 mmonke wina, Gottschalk, atachidzutsanso, anamutsutsa ku Mainz mu 848, n'kumutsekera mpaka imfa. Kumutsekerako sindikukuyamikira ayi, ndikungoti mpingo sunachione ngati uthenga wamba.

Calvin ku Geneva ndiye anachilemba poyera m'buku lake lotchedwa Institutes, kuti ena anakonzedwera moyo wosatha, ena chiwonongeko chosatha, ndipo iye mwini anavomereza kuti chigamulo chimenecho n'choopsa. Mu 1551 dokotala wina, Jerome Bolsec, anaimirira n'kunena kuti mukatero mukumupanga Mulungu kukhala mwini tchimo. Anamumanga n'kumupirikitsa mumzinda. Ku Netherlands, Jacobus Arminius, amene anaphunzira ku Geneva komweko kwa Theodore Beza, wolowa m'malo mwa Calvin, anawerenga Aroma n'kufika pena. Atamwalira mu 1609, omutsatira analemba madandaulo awo mu 1610, kuti Khristu anafera onse ndipo chisomo munthu angachikane. Sinodi ya Dort, msonkhano wa mpingo wa 1618 mpaka 1619, imene anzathuwa amaitchula ngati inatsika kumwamba, inawaitana ngati oimbidwa mlandu, kenako tcheyamani n'kuwathamangitsa mumsonkhano. Abusa pafupifupi 200 anachotsedwa ntchito. Nduna yaikulu imene inkawateteza, Oldenbarnevelt, nkhalamba ya zaka 71, anaidula mutu mu May 1619. Hugo Grotius, katswiri wa malamulo amene anali kumbali yawo, anathawa m'ndende atabisala m'bokosi la mabuku. Munali ndale mmenemo, za Prince Maurice, mtsogoleri wa asilikali a dzikolo, ndi adani ake, osati Mzimu yekha. Zikhulupiriro za Dort zimenezo n'zimene Adachi anapita nazo ku Cape mu 1652, ndipo amishoni ochokera ku Orange Free State anafika nazo ku Magwero, kufupi ndi Chipata, mu 1899. N'chifukwa chake ife a kummawa nkhaniyi ndi yathu, si ya azungu okha.

John Wesley mu 1739 analalikira ku Bristol kuti chiphunzitsochi chimasandutsa kulalikira kukhala chabe, ndipo chimamujambula Mulungu ngati wankhanza kuposa Satana. Anasemphana ndi mnzake wapamtima George Whitefield pa nkhani yomweyi. Amethodisti a Wesley ndi ena mwa amene anapanga mpingo wa United Church of Zambia (UCZ) mu 1965, choncho mkanganowu takhala tikukwera nawo minibasi imodzi osadziwa.

Ine chimene chimandikanika n'ichi. 1 Timoteo 2:4 imati Mulungu afuna anthu onse apulumuke. 2 Petro 3:9 imati safuna kuti ena awonongeke. Pa Ezekieli 33:11 akuchita kulumbira pa moyo wake kuti sakondwera ndi imfa ya woipa. 1 Yohane 2:2 imati nsembe ija si ya machimo athu okha koma a dziko lonse lapansi. Pa Mateyu 23:37 Yesu akudandaulira Yerusalemu, akuti ndinafuna kukusonkhanitsani koma inu simunafune. Mukawapatsa mavesi amenewa okhulupirira chiphunzitsochi amayamba kuti "onse" sakutanthauza onse, akuti Mulungu ali ndi chifuniro chimene amanena ndi china chimene amabisa. Ndiye kuti ndi bambo amene waphika nsima ya ana awiri, enawo wawakhomera m'chipinda, n'kuima pakhonde kufuula kuti nonse bwerani mudzadye, kenako n'kukwapula amene sanabwere. Bambo wotere kuno timamutengera ku polisi. Ndipo Aroma 9 amene amawakondawo, Paulo akutenga mawu a Malaki 1, pamene Yakobo ndi Esau ndi Israyeli ndi Edomu, mitundu iwiri imene Rebeka anauzidwa pa Genesis 25:23. Nkhani ndi ya mtundu umene udzanyamule lonjezo, si kaundula wa makanda a ku gehena. Werengani mpaka chaputala 11, pomwe nthambi zothyoledwa zingathe kulumikizidwanso, ndipo vesi 32 ikuti anatsekera onse m'kusamvera kuti achitire onse chifundo. Mnyamata uja sanafikeko.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndinachipeza m'Zigamulo za Dort zomwezo, mutu woyamba, ndime 17. Akuti makolo oopa Mulungu asakayike za kusankhidwa ndi chipulumutso cha ana awo amene Mulungu wawaitana akadali makanda. Zilimo! Azibambo a 1619 aja, ouma mtima monga analiri, anali ndi chisoni choposa cha mnyamata wa jekete uja. Mnyamatayo sanawerenge ngakhale buku la kwawo lomwe. Agogo anga anakulira mu Dachi, mpingo wa Reformed, moyo wawo wonse, Katekisimu wa Heidelberg ali pamtima, sindinawamvepo akuuza mfedwa zotere. Ndipo amishoni amene anafika ku Magwero ankakhulupirira za kusankhidwa, koma sanakhale pansi n'kunena kuti osankhidwa adzabwera okha.

Ndiye mayi, langizo langa. Musakangane nawo, simungapambane, ali ndi yankho pa vesi iliyonse ndipo mudzangobwerako mutu ukuwawa. Koma mukakumana naye amene anakuuzaniyo, mufunseni pamaso pa anthu kuti mndandanda wa osankhidwawo anauona kuti, ndipo dzina la mwana wanu analifufuza pa tsamba liti. Ngakhale Calvin sananene kuti amawadziwa mayina. Mumuuzenso kuti mayi wa Augustine yemweyo, Monica, anamupempherera mwana wake ndi misozi zaka zambiri ali wosochera, mpaka anabatizidwa mu 387. Akanamvera malangizo a mnzanuyo bwenzi chiphunzitso chawocho kulibe.

Musachoke mumpingo mwanu chifukwa cha munthu mmodzi. Ine ku phunziro lija sindinapondekonso, ndipo sindidzapondako, koma inu limbikani, pitani kwa abusa kapena mkulu wa mpingo wachikulire amene anaikapo mwana wake, muwafotokozere. Achikulire a Reformed enieni adzakuuzani kuti pemphero lanulo ndi njira imene Mulungu amakokera munthu. Ndipo usiku umene mwanayo sanabwere kunyumba, foni yake yazima, gwirani mawu oti palibe angakwatule nkhosa m'dzanja la Yesu, Yohane 10:28. Ndikudziwa, ndi vesi imene iwowo amaikonda kwambiri. Itengeni basi, si yawo. Komanso mwanayo mupite naye kwa alangizi a za mowa, ku Chainama kapena kukiliniki ya kwanuko, pemphero lisakulepheretseni zimenezo, ndipo ndalama m'manja musamamupatse.