Mafunso a owerenga: Ndani akusamaladi chilengedwe, ndani akungodzichemerera?

Mwezi uno talandira makalata angapo ofunsa momwe mayiko amayerekezedwera pa nkhani yosamala chilengedwe. Tasankhapo asanu, ndipo omwe ayankha ndi anzathu odziwa za nkhalango ndi zanyengo.

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ku Dedza. Pa wailesi amati dziko lomwe likuipitsa kwambiri mpweya ndi China, pomwe ena akuti ndi America. Ophunzira akandifunsa ndiziti chiyani?

Aphunzitsi, onsewo sakunama, kungoti aliyense wanyamula muyeso wake. Mpweya womwe akunenawo ndi carbon dioxide, umene umatuluka powotcha malasha, petulo, dizilo ndi gasi, komanso popanga simenti.

Mukawerenga mpweya wonse womwe dziko latulutsa m'chaka chimodzi, China ndiye ili patsogolo kuyambira cha m'ma 2006. Imatulutsa matani pafupifupi 12 biliyoni pa chaka, pomwe America imatulutsa pafupifupi 5 biliyoni. Tsopano awuzeni ophunzirawo agawe mataniwo ndi chiwerengero cha anthu, pa bolodi pomwepo. Matani 12 biliyoni kwa anthu 1.4 biliyoni a ku China akupereka matani opitirira pang'ono 8 munthu mmodzi. Matani 5 biliyoni kwa anthu pafupifupi 335 miliyoni a ku America akupereka matani 14 kapena 15. Zinthu zatembenuka. Pa muyeso womwewu Qatar, dziko la anthu ochepa koma logulitsa gasi, imapitirira matani 30. South Africa ili pa 6 kapena 7 chifukwa magetsi ake ambiri ndi a malasha, India ili pa 2, ndipo Mmalawi mmodzi amatulutsa makilogalamu pafupifupi 100 basi. Munthu mmodzi wa ku America akuposa Amalawi 100 kuwaphatikiza pamodzi.

Pali kuwerenga kwinanso komwe atsogoleri a mayiko olemera sakonda kukumva. Carbon dioxide akakwera kumwamba sachoka msanga, gawo lake lina limakhalako zaka mazanamazana. Choncho utsi wa mafakitale a zaka 100 zapitazo ukutenthetsabe dziko lero. Mukaphatikiza mpweya wonse kuyambira pomwe anthu anayamba kuyendetsa makina ndi malasha, America yokha ili ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, pomwe Africa yonse ili ndi 3 peresenti yokha. Pa mfundo imeneyi ndi pomwe mayiko osauka anatsamira pa msonkhano wa mayiko wa zakusintha kwa nyengo wotchedwa COP27 ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu 2022, mpaka panavomerezedwa thumba la ndalama zothandizira mayiko owonongekedwa ndi kusintha kwa nyengo. Patangotha miyezi inayi, namondwe wa Freddy anasakaza kumwera kwa dziko lino.

Ndiye ophunzira akafunsa, yambani mwawabwezera funso: mukufuna kudziwa yemwe ayenera kuchepetsa msanga, yemwe akukhala moyo wosakaza, kapena yemwe ali ndi ngongole yakale?

Ndinaona pa Facebook mndandanda wa mayiko osamala chilengedwe. Pamwamba panali mayiko a ku Ulaya okhaokha. Kodi kumeneku si kukondera? (Wowerenga wa ku Luwinga, Mzuzu)

Mwina munaona mndandanda wa Environmental Performance Index, womwe amatulutsa a mayunivesite a Yale ndi Columbia ku America zaka ziwiri zilizonse. Amayika mayiko 180. Mu 2022 Denmark ndiyo inali yoyamba ndipo India inatsekera kumbuyo. Mu 2024 inatsogola ndi Estonia, Vietnam n'kukhala yomaliza. Boma la India linakana zotsatira za 2022, linati njira yowerengera inali yosayenera.

Sikuti amangolemba mayina a anzawo. Amatenga zinthu zambiri, monga ukhondo wa mpweya wopuma, madzi akumwa, zimbudzi, kasamalidwe ka zinyalala, nkhalango, nsomba, malo otetezedwa ndi kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko, n'kupereka mamalikisi pa chilichonse. Vuto lili pa kulemera kwa chinthu chilichonse powonkhetsa, pakuti kumeneko amasankha ndi anthu. Ukapereka mamalikisi ambiri pa mapaipi a madzi, masuweji ndi magalimoto otola zinyalala, wopambana akhala yemwe ali ndi ndalama zogulira zimenezo. Onaninso kuti njira yowerengera imasintha: mu 2022 anagwiritsa ntchito miyeso 40, mu 2024 miyeso 58. Nduna ikadzitama kuti dziko lakwera ndi malo khumi, kapena wotsutsa akadandaula kuti latsika, funsani kaye ngati miyeso ya zaka ziwirizo inali yofanana.

Chomwe mindandanda yambiri imalephera kugwira bwino ndi kuwononga komwe dziko limachitira kunja kwa malire ake. Mwa lamulo la kawerengedwe ka mayiko, mpweya umalembedwa pa dziko lomwe wawotchedwera. Norway imapanga magetsi ake ochuluka kwambiri ndi madzi, ndipo mu 2024 magalimoto atsopano pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse omwe anagulidwa kumeneko anali oyendera magetsi. Koma dziko lomwelo limakumba mafuta ndi gasi n'kumagulitsa kunja, ndipo utsi wake umalembedwa pa ogulawo. Foni yopangidwa ku China n'kukagwiritsidwa ntchito ku London, utsi wa fakitale umagwera China. Ngakhale zinyalala zimayenda: China itatseka zipata zake kwa mapulasitiki otha ntchito mu 2018, makontena a ku Ulaya anangokhotera ku Malaysia ndi Turkey. Kuli ngati kusesa pakhomo mpaka mbee, zinyalala n'kuziponyera kuseri kwa mpanda wa neba. N'chifukwa chake mukamayerekeza mayiko muzifuna ziwerengero ziwiri, cha mpweya wa zomwe dziko lapanga ndi cha mpweya wa zomwe anthu ake agwiritsa ntchito. Ku Switzerland ndi ku Britain chachiwirichi ndicho chachikulu.

Mndandanda wina, wa Climate Change Performance Index womwe amakonza a bungwe la Germanwatch ndi anzawo, umasiya malo atatu oyambirira opanda dzina, kusonyeza kuti palibe dziko lomwe likuchita mokwanira. Malawi mulibemo, chifukwa umangotenga mayiko otulutsa mpweya wambiri.

Ngati Mmalawi amatulutsa makilogalamu 100 okha, ndiye kuti ife ndife odziwa kusamala chilengedwe kuposa azungu? (Mayi wa ku Chilomoni)

Ayi mayi, tisadzinamize. Chiwerengero chimenecho chikunena za umphawi wathu, osati luso lathu. Tilibe mafakitale ambiri, magalimoto ndi ochepa, ndipo magetsi athu ochepawo amachokera kwambiri pa madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Komanso makilogalamu 100 aja sakuphatikiza utsi wa nkhuni ndi makala, chifukwa umenewo umawerengedwa kumbali ya nkhalango ndi kagwiritsidwe ntchito ka malo. Kumeneko ndiye kuli bala lathu. Mabanja opitirira 90 mwa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo uvuni wadothi wowotchera makala umadya makilogalamu 6 mpaka 10 a nkhuni kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Thumba lililonse lomwe likutsika panjinga kulowa m'tauni lasiya zitsa zingapo za mombo ndi tsanya kuphiri. Phiri likakhala lambee, mvula imakokolola nthaka, matope amakathera mu Shire, makina amagetsi amatsamwa, magetsi akuthima, anthu a m'tauni akugulanso makala ena. Utsi wa m'khitchini nawo umalowa m'mapapo a mayi ndi mwana ali kumbuyo, ndipo mndandanda wa Yale uja umauwerengera.

Poyerekeza nkhalango za mayiko chenjerani ndi tanthauzo lomwe wowerengayo wagwiritsa ntchito. A FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, amawerenga malo ngati nkhalango akakhala opitirira theka la hekitala, mitengo yake yotha kupitirira mamita 5, ndipo nthambi zake zaphimba malo opitirira 10 peresenti. Pa tanthauzo limeneli paini wa ku Chikangawa ndi nkhalango, chimodzimodzi mitengo yachilengedwe ya ku Dzalanyama, ngakhale kuti mu paini simungapeze bowa, masuku, uchi ndi mankhwala ngati mu nkhalango yachilengedwe. Dziko likhoza kugwetsa mitengo yachilengedwe, kudzala bulugamu, pa pepala n'kuoneka ngati silinataye kanthu. Ziwerengero za FAO zimachokeranso kwambiri m'malipoti a maboma eniake. A Global Forest Watch, omwe amalondola za nkhalango pa dziko lonse, amadalira zithunzi za setilaiti, momwe kadontho kamodzi kamayimira malo a mamita 30 mulitali ndi 30 mulifupi. Iwo amaona pomwe mitengo yachoka, koma chithunzi pachokha sichinena ngati ndi kukolola paini wokhwima, moto wolusa kapena kutsegula munda. Sichionanso bwino kudula kwa apa umodzi apo umodzi komwe kumatha nkhalango mwakachetechete. Musatenge chiwerengero cha FAO cha dziko lina n'kuchiyika pambali pa cha setilaiti cha dziko lina.

Chofunika kwambiri ndi kuona komwe zinthu zikulowera pa zaka khumi kapena kuposerapo. Ku Brazil bungwe la boma la INPE limayeza nkhalango ya Amazon chaka ndi chaka. Mu 2004 anagwetsa masikweya kilomita pafupifupi 27,800, malo aakulu ngati chigawo chonse cha kumpoto kwa Malawi. Pofika 2012 zinatsika kufika pa 4,600, mu 2021 zinakwera kufika pa 13,000 boma litalekerera, ndipo mu 2024 zinatsikanso kufika pa 6,300. Dziko ndi lomwelo, alimi a ng'ombe ndi soya ndi omwewo, chinkasintha ndi mphamvu ya boma pogwira ophwanya malamulo. Costa Rica, yomwe nkhalango zake zinatsala pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a dziko m'zaka za m'ma 1980, lero yapitirira theka, ndipo china chomwe chinathandiza ndi kulipira eni malo kuti asunge mitengo, ndalama zake zochokera pa msonkho wa mafuta agalimoto.

Mayiko onse amalonjeza kuchepetsa mpweya woipa ndi maperesenti akutiakuti. Lonjezo lenileni tingalidziwe bwanji? (Wophunzira wa ku Zomba)

Achimwene, mukaona peresenti funsani kuti akuyerekeza ndi chaka chiti. Pansi pa mgwirizano wa mayiko wa zanyengo wa ku Paris wa 2015 dziko lililonse limasankha lokha poyambira. America inasankha 2005, pomwe utsi wake unali pafupi ndi pachimake. Japan inasankha 2013, itatseka malo opangira magetsi a nyukiliya chifukwa cha ngozi ya ku Fukushima n'kuyamba kuwotcha gasi ndi malasha ambiri. Russia imayerekeza ndi 1990, mafakitale a Soviet Union asanagwe, choncho ikhoza kuonjezera utsi lero n'kumanenabe kuti yachepetsa. Britain nayo imayerekeza ndi 1990, koma iyo ili ndi choloza: yadula mpweya wake pafupifupi ndi theka, ndipo mu September 2024 inatseka malo ake omaliza opangira magetsi ndi malasha ku Ratcliffe-on-Soar.

Lonjezo la Malawi la mu 2021 likuti tidzachepetsa ndi 51 peresenti pofika 2040. Liwerengeni bwino. Silikuyerekeza ndi utsi wa lero, koma ndi utsi womwe tikanadzatulutsa mu 2040 tikanati tisachitepo kanthu. Ndipo pa 51 imeneyo, 6 yokha ndiyo tinati tidzachita ndi ndalama zathu. 45 yotsalayo ikudikira thandizo lakunja. Sichinyengo, mayiko ambiri osauka analemba chomwecho, koma lonjezo lotere simungaliyike pa sikelo imodzi ndi la Britain.

Chaka chilichonse timamva za mitengo mamiliyoni yodzalidwa, komanso tili ndi lamulo loletsa majumbo opyapyala. Kodi zimenezi sizitikweza poyerekeza ndi mayiko ena? (Mlimi wa ku Ntcheu)

Bambo, lamulo limawerengedwa likaoneka pamsika. Malawi inaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 kukhuthala kwake (ma micron 1,000 amapanga milimita imodzi) mu 2015. Makampani anakasuma, khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera lamulolo mu 2019, kenaka panabweranso ziletso zina za makhoti, ndipo zaka zonsezo majumbo ankangodzaza mu mtsinje wa Mudi ndi m'ngalande za ku Lilongwe. Rwanda inaletsa majumbo mu 2008 ndipo imafika polanda pabwalo la ndege. Pa pepala mayiko awiriwa ndi ofanana.

Za mitengo, tiyeni tiwerengere limodzi. Mukadzala motalikanitsa mamita 3 mbali zonse, hekitala imodzi imalowa mbande 1,111. Mbande 1 miliyoni zikukwana mahekitala 900 okha, zonse zikapulumuka. Dziko lino linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Kuti zitheke ndi kudzala kokha pangafunike mbande 5 biliyoni. N'chifukwa chake kusamala mphukira za pazitsa kuli kofunika kuposa mwambo wodzala mtengo pamaso pa atolankhani. Ku Niger alimi abwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni posiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, n'kumadulira zinazo.

Nyengo yathu yodzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April, koma mbande yodzalidwa mu March mizu yake siikhala itazama mvula ikamatha. Kenaka pamabwera chiswe, mbuzi zotayirira pambuyo pokolola, ndi moto wa osaka mbewa. Mukafuna chiwerengero choona cha m'mudzi mwanu, dikirani mpaka October kapena November, musankhe mizere ingapo kuchokera m'mbali zosiyana za munda, muwerenge mayenje 100, mulembe omwe muli mtengo wamoyo, ndipo mudzabwereze pa mizere yomweyo chaka chachiwiri ndi chachitatu.