Kukonzanso khitchini: ndalama ziyambe kupita kuti?

FUNSO: Akonzi, ndikufuna kuika matailosi, sinki yatsopano ndi makabati m'khitchini mwanga, koma ndalama n'zochepa. Ndiyambire pati kuti ntchito isaimire panjira? Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Mayi, yambani ndi zobisika m'khoma. Mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi ndiwo adye ndalama zoyamba, chifukwa paipi ikadontha matailosi atamatidwa kale, mudzaswa zonse n'kugulanso. Ngati mumaphikira pa magetsi, kuka (chitofu cha magetsi) ikhale ndi waya wake wa 6mm ndi buleka yakeyake (switchi yozimitsa yokha magetsi pakakhala vuto). Waya woonda umatentha.

Kenaka yezani pansi. Chipinda cha mamita 3 kwa 4 ndi masikweya mita 12, koma gulani matailosi okwana masikweya mita 14, pakuti ena amasweka podula, ndipo mukabwerera kusitolo mtundu womwewo mungaupeze utatha. Thumba la 20kg la zomatira matailosi limakwana pafupifupi masikweya mita 4. Pansi pokumbikakumbika pamadya zomatira zambiri, choncho pasalazidwe kaye ndi simenti ndi mchenga.

Funsani amisiri atatu, aliyense alembe mtengo wa zipangizo padera ndi wa ntchito padera. Lipirani m'magawo, gawo lomaliza sinki itayesedwa kuti sikudontha. Pa K100 iliyonse sungani K15 ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo musaiwale thiransipoti.

Makabati akhoza kudikira. Koma mukamawapangitsa, kabati ya pansi pa sinki isakhale ya chipboard (thabwa la tizidutswa ta mitengo tomatidwa pamodzi), chifukwa imafufuma ikanyowa. Pamenepo mangani ndi njerwa n'kuikapo zitseko zokha.