Makina oumitsira mango ali m'labotale: tiyambire pati?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina yemwe wangomaliza digiri ya uinjiniya. Pa kafukufuku wake wa chaka chomaliza anapanga makina oumitsira mango ndi tomato pogwiritsa ntchito dzuwa. Akufunsa kuti angawasandutse bwanji bizinesi, komanso ngati yunivesite ili ndi gawo pa makinawo.

Achemwali, tiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi limene limadzetsa mikangano ndalama zikayamba kulowa. Mu 1965, Dr Robert Cade ndi anzake ku University of Florida anapanga chakumwa chobwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi mwa anyamata osewera mpira. Chakumwacho ndi Gatorade. Atachipereka kwa kampani ndipo malonda atayamba kuyenda, yunivesite inati nayo ili ndi gawo. Nkhani inafika kukhoti, ndipo mu 1973 anagwirizana kuti yunivesite izilandira 20 peresenti ya ndalama za umwini. Inuyo munagwiritsa ntchito labotale ndi zipangizo za sukulu, ndiponso aphunzitsi anu anakutsogolerani. Pitani mukafunse malamulo a yunivesite yanu pa umwini wa zotulukapo za kafukufuku, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe.

Ngati mukuganiza zoteteza luso lanu ndi patenti (chikalata chokupatsani umwini wa lusolo kuti ena asalikopere), kaya ku ofesi ya boma yolembetsa patenti kapena kudzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loteteza umwini wa maluso lomwe lili ku Harare, musathamangire kuika zithunzi zonse ndi mapulani pa Facebook. Chinthu chikadziwika poyera, kuchiteteza kumavuta.

Koma patenti siigulitsa katundu. Taganizirani za Pumani, makina othandiza makanda kupuma omwe ophunzira a Rice University ku Houston anapanga mogwirizana ndi madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Anagwiritsa ntchito mapampu ang'onoang'ono a m'matanki osungira nsomba zoweta m'nyumba. Mpweya umapita m'mphuno mwa khanda, ndipo mbali ina ya chubu imamizidwa m'botolo la madzi. Kuzama kwake ndiko kumasankha mphamvu ya mpweyawo. Makinawo anayesedwa m'wodi momwe anamwino amagwira ntchito usana ndi usiku, kenako yunivesite inapereka chilolezo kwa kampani ya 3rd Stone Design kuti iziwapanga ambiri. Oyambitsa sanamange okha fakitale.

Zimandipweteka kuona ntchito zabwino ngati yanuyi zikutha pa tsiku la chionetsero. Nyengo ya mango ikubwerayi, tengani makinawo mupite nawo kwa gulu la alimi kapena amayi ogulitsa tomato. Aumitseni mango enieni, pa fumbi lenileni. Werengani mtengo wopangira makina amodzi, ndipo afunseni mosabisa ngati angalipire ndalama imeneyo, kapena angakonde kumalipira pa dengu lililonse lomwe aumitsa. Ngati mudzagulitse mango oumawo m'masitolo, konzekeraninso kuti a Malawi Bureau of Standards adzayendere ntchito yanu.