Kodi ophunzira a ku Athens ndi ku Rome ankakhulupiriradi milungu yawo?

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuphunzira mbiri ya mpingo. Funso lawo linali lakuti, kodi akatswiri a filosofi a m'zaka za m'ma 300 ndi 400 ankakhulupiriradi milungu ya makolo awo, kapena ankangopita ku akachisi posafuna kuoneka otaya mwambo? Anawonjezera kuti mphunzitsi wawo anawauza kuti munthu wanzeru sangaphere fano ng'ombe. Mayi, ndatha masiku asanu ndisanakuyankheni, chifukwa mawu a mphunzitsi wanuwo ndinawamvapo kale, ndipo mpaka lero amandiwawa.

Ndili kusekondale yogonera komweko, mphunzitsi wathu wa Baibulo anafunsa m'kalasi kuti ndani kwawo amathirabe nsembe, ndipo ine, mwa chibwana, ndinakweza dzanja. Agogo anga aamuna, mvula ikachedwa, ankapita ndi akuluakulu anzawo patsinde pa mtengo waukulu kuseri kwa mudzi atanyamula ufa ndi mowa, ndipo ine ndinkawanyamulira lichero. Anali munthu wodziwa kuwerenga, amene ankalembera makalata mudzi wonse, ndipo mlandu wovuta pabwalo sunkatha iwo asanalankhule. Mphunzitsiyo anati zimenezo ndi umbuli wa achikunja, kalasi yonse inaseka, ndipo dzina lakuti mdzukulu wa achikunja linandikakamira chaka chonse. Nditabwerera kumudzi ndinakana kunyamula licherolo. Agogo sanandikalipire, anangoitana mwana wina, ndipo anamwalira nkhaniyi tisanaikambe.

Nditakula n'kuyamba kuwerenga za Agiriki ndi Aroma, ndinkafunafuna wachikunja amene sakanandichititsa manyazi, ndipo ndinamupeza mwa Plotinus, amene ankaphunzitsa ku Rome mpaka pafupi ndi imfa yake mu 270. Iye ankaphunzitsa kuti zonse zimachokera kwa Mmodzi, amene alibe thupi kapena dzina lomukwanira, ndi kuti mzimu wa munthu ungabwerere kwa Iye mwa kudziyeretsa ndi kusinkhasinkha. Wophunzira wake Porphyry analemba kuti tsiku lina mnzawo Amelius, amene sankaphonya miyambo ya mwezi watsopano, anapempha Plotinus kuti apitire limodzi ku akachisi, koma iye anayankha kuti milunguyo ndiyo iyenera kubwera kwa iye. Yankho limeneli linandisangalatsa kwa zaka zambiri, ngakhale kuti Porphyry yemweyo ananenanso kuti Plotinus ankapereka nsembe ndi kukonza phwando pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Plato ndi la Socrates, mfundo imene ndinkaidumpha dala.

Chimene mphunzitsi wanu sanakuuzeni n'chakuti funso lanulo anayamba kulifunsa ndi eni akewo. Porphyry ankadana ndi nsembe za magazi, moti ankati zimadyetsa mizimu yotsika osati milungu yeniyeni, ndipo analemba kalata yofunsa kuti ngati milungu ili pamwamba pa anthu, zingatheke bwanji kuti ikopedwe ndi utsi wa nyama kapena mawu achilendo a wansembe. Amene anamuyankha anali Iamblichus, amene ankaphunzitsa ku Apamea m'dziko la Syria. Iye anati kuganiza kokha sikulumikiza munthu ndi milungu, chifukwa kukanakhala choncho aliyense wodziwa kutsutsana m'kalasi akanakhala woyera. Munthu ali ndi thupi, choncho amafikira zaumulungu kudzera m'zinthu zogwirika monga miyala, zitsamba, lubani, nyimbo ndi nyama, zimene milungu yokha inaika ngati zizindikiro. Pa mkangano umenewu ndinali kumbali ya Porphyry, koma tsopano ndasamuka. Iamblichus ankawadziwa anthu, pamene Plotinus anasiyira otsatira ake chipembedzo chimene chikanakwanira anthu ochepa okhala m'nyumba za olemera a ku Rome. Sindikuvomerezanso zoti amene anakana kachisi ndiye anali wanzeru kuposa amene ankalowamo.

Mfumu Julian, imene inalamulira kuyambira 361 mpaka 363, inaleredwa m'Chikhristu koma inabwerera kwa milungu kudzera mwa otsatira chiphunzitso cha Iamblichus. Inkapha ng'ombe zansembe zochuluka kwambiri moti anthu ankaseka kuti ikabwerako kunkhondo ya ku Persia ng'ombe zitha m'dziko. Mu 362 inathamangira ku Daphne, pafupi ndi Antioch, kuchikondwerero cha mulungu Apollo, ikuyembekezera kupeza khamu, oimba ndi nkhunzi, koma inapeza wansembe yekha ali ndi tsekwe mmodzi amene anachoka naye kunyumba kwake, chifukwa akuluakulu a mzindawo sanapereke kanthu. Mfumuyo inalemba yokha nkhaniyi, mokwiya. Ndikamaiwerenga, maganizo anga sakhala pa mfumuyo koma pa wansembe uja, amene ankadziwa kuti palibe amene abwere koma anagwirabe tsekwe wake m'mawa.

Apa ndi pamene ndimakana chiphunzitso chakuti chipembedzo chakalecho chinagonja pamtsutso. Chinali chipembedzo cha mzinda, choyendera ndalama za boma ndi za olemera, ndipo ndalamazo zinadulidwa. Mu 382 mfumu Gratian inachotsa guwa la Victoria, mulungu wamkazi wa chipambano, m'nyumba ya malamulo ku Rome n'kuletsa thandizo la boma kwa ansembe akale. Mu 384 Symmachus, amene anali woyang'anira mzinda wa Rome, anapempha kuti guwalo libwezedwe, ndipo anati chinsinsi chachikulu chotere munthu sangachifikire podzera njira imodzi yokha. Bishopu Ambrose wa ku Milan anatsutsa pempholo ndipo linakanidwa. Mu 392 lamulo la mfumu Theodosius linalowa mpaka m'nyumba, n'kuletsa ngakhale kufukiza lubani ndi kupachika nkhata za maluwa kwa milungu ya pabanja. Ngakhale dzina lakuti pagani, limene ife timati achikunja, sanadzipatse okha, anawapatsa ndi Akhristu. Ophunzira olankhula Chigiriki ankadzitcha Ahelene.

Umboni wa Proclus

Ngati ophunzirawa ankangonamizira, akanasiya pamene kupembedza kunayamba kuika moyo wawo pachiswe. Proclus, amene anabadwa mu 412 ndipo anatsogolera sukulu ya Plato ku Athens mpaka imfa yake mu 485, anakhala moyo wake wonse nsembe zitaletsedwa kale. Munthu ameneyu analemba ndemanga pa masamu a Euclid ndiponso anasanja chiphunzitso cha zaumulungu m'mfundo 211 zotsatana ngati za masamu. Komabe wophunzira wake Marinus akutiuza kuti ankalambira dzuwa potuluka, masana ndi polowa, ankasala zakudya pa masiku opatulika a mitundu yosiyanasiyana, ndipo mtsikana wina atadwala kwambiri anapita kukachisi wa Asclepius, mulungu wa machiritso, kukamupempherera. Marinus akutinso fano la mulungu wamkazi Athena litachotsedwa mu Parthenon, kachisi wake wamkulu ku Athens, Proclus analota akuuzidwa kuti akonze nyumba yake chifukwa mulunguyo akufuna kudzakhala naye. Nthawi ina anachoka mu Athens kwa chaka chathunthu pothawa adani. Palibe malipiro kapena ulemu umene ankapeza pochita zimenezi.

Mu 529 malamulo a mfumu Justinian analetsa achikunja kuphunzitsa, ndipo Damascius, mtsogoleri womaliza wa sukuluyo, ananyamuka ndi anzake asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo Simplicius, kupita kwa mfumu Khosrow ya ku Persia. Sanakhalitseko, koma pangano la mtendere la mu 532 linawalola kubwerera popanda kukakamizidwa kusintha chipembedzo.

Yankho lanu, Mayi, ndi lakuti inde, ambiri ankakhulupirira, ngakhale analibe chikhulupiriro cholembedwa chimene onse ankalumbirira, ndipo ankasiyana kwambiri pa nkhani ya nsembe. Polemba nkhani yanu ya m'kalasi, musawaike onse m'dengu limodzi. Yambani ndi mafunso a Porphyry ndi yankho la Iamblichus, kenako muwerenge zimene Marinus analemba za Proclus, chifukwa n'zazifupi ndipo mungazimalize madzulo amodzi. Mphunzitsi wanu mumukumbutse mwaulemu kuti Augustine, mphunzitsi wamkulu wa mpingo, asanabatizidwe ku Milan mu 387, anasiya kuganiza za Mulungu ngati chinthu chokhala ndi thupi atawerenga mabuku a otsatira Plato omwewa.