Mkonzi alembe kuti “ine” kapena “ife”? Mafunso pa ndemanga za m'magazini

Mafunso a ulendo uno achokera kwa anthu amene amakonza, kulembera kapena kuwerenga magazini, ena a kafukufuku wa m'sukulu zaukachenjede, ena a nkhani wamba. Onse lawasautsa ndi tsamba limodzi lomwelo, loyamba lija, pamene magazini imalankhula yokha isanapereke mpata kwa alembi ena.

Funso: Mayi wina amene akuthandiza kukonza magazini ya aphunzitsi akuti, “Pamwamba pa tsambali tilembe kuti Mawu a Mkonzi kapena Ndemanga ya Akonzi? Anzanga akuti zonse n'chimodzimodzi.”

Yankho: Mayi, si chimodzimodzi ayi. Yang'anani kaye ntchito imene tsambalo likugwira. Ngati mukulonjera owerenga ndi kuwauza kuti m'kope lino muli nkhani zakutizakuti, uje walemba za chakuti, amenewo ndi mawu a mkonzi, kapena mawu oyamba. Ndemanga ndi ina. Wopereka ndemanga amakhala atamva nkhani, ataisinkhasinkha, ndipo akunena poyera mbali imene waima. Magazini ambiri a kafukufuku amaphatikiza ziwirizi pa tsamba limodzi, ndipo ine sindiletsa. Chimene chimandipweteka ndi mutu wolonjeza ndemanga pamene pansi pake pali mndandanda chabe wa zamkatimu.

Za mkonzi ndi akonzi, kumbukirani kuti “a-” ameneyu amamveka pawiri: akhoza kukhala wa anthu ambiri, akhozanso kukhala wa ulemu. Wowerenga akamalemba kalata amayamba kuti “Akonzi” ngakhale akudziwa kuti wolandira ndi mmodzi, ndipo amakhala akukhoza. Koma ulemu umenewu munthu sadzipatsa yekha. Ngati wolemba tsambalo ndi mmodzi, mutu ukhale wa mkonzi. “Akonzi” musiyire ndemanga imene gulu lonse lakambirana ndi kuvomereza.

Funso: Bambo wina wafunsa kuti, “Ndemanga ndimalemba ndekha. Kodi ndikamati tikuona kuti, sindikunamiza anthu?”

Yankho: Bambo, simukunamiza munthu, malinga mukudziwa amene mukuwaimira. Magazini ya sayansi ya Nature, imene idayamba ku London mu 1869, siika dzina la munthu pa ndemanga zake. The Lancet ya zachipatala, ya mu 1823, pansi pa ndemanga imangolembapo dzina la magaziniyo. Wogwira cholembera akhoza kukhala mmodzi, koma mlandu wa mawuwo ndi wa magazini yonse. Wina akadandaula, oyankha ndi onse. “Ife” wa ndemanga amachokera pamenepo. Nthawi zina amakula kuposa magazini imodzi: mu Seputembala 2021 magazini a zaumoyo oposa 200 adasindikiza ndemanga imodzi yofanana, yopempha maboma kuti achitepo kanthu msanga pa kutentha kwa dziko lapansi.

Pa Chichewa tili ndi mwayi, chifukwa khutu lathu lidazolowera kale kumva munthu mmodzi akunena kuti “ifetu sitikudziwa” kapena “ife tatsazika” modzichepetsa. Wowerenga sadabwa naye “ife” wa mkonzi. Vuto lagona poti m'ndemanga imodzi mumatha kulowa magulu atatu a anthu, onse pansi pa “ti-” mmodzi yemweyo: akonzi eni ake, akatswiri a gawo la maphunzirolo, ndi anthu onse pamodzi ndi wowerenga. Taonani chiganizo ichi: “Taona kuti sitiwerenga mokwanira, choncho tikupempha kuti tisinthe.” Waona ndani? Sawerenga ndani? Akupempha ndani, ndipo wopemphedwa ndani? “Ti-” yemweyo wasintha eni ake kangapo wowerenga asanapume. Mankhwala ake ndi apafupi, kutchula gulu pamene mukusintha: “Ife akonzi taona kuti ofufuza ambiri sawerenga zimene anzawo adalemba kale. Tonsefe amene timaphunzitsa tili ndi mbali pa vutoli.” Mawu oti “tonsefe” ndi amene amakokera wowerenga mkati, ndipo muwagwiritse ntchito pokhapokha mukufunadi kuti iye adzimve kuti nkhaniyo ndi yakenso.

Ngati pansi pa tsambalo pali dzina lanu, ndipo maganizowo simudagawane ndi wina, lembani “ndikuona kuti” mopanda manyazi. Chimene ndikukupemphani kuti musiye ndi chizolowezi chonena kuti “mlembi wa nkhaniyi akuona kuti” pamene mlembiyo ndinu nomwe. Pa Chichewa zimamveka ngati mukunenera munthu amene watuluka panja.

Funso: Wophunzira wina wa pa yunivesite walemba kuti, “Aphunzitsi anga andibwezera ndemanga, akuti Chichewa changa n'chozemba. Ndidalemba kuti: Kwaonedwa kuti pali mavuto pa kasindikizidwe ka kafukufuku, ndipo n'kofunika kuti pachitike kanthu. Cholakwika n'chiyani?”

Yankho: Mwanawe, aphunzitsi ako akuthandiza, uwathokoze. Malamulo a chiyankhulo sudaphwanye, koma m'chiganizo chonsecho mulibe munthu. “Kwaonedwa” wabisa woona, “pachitike” wabisa wochita, “kanthu” wabisa ntchito yake. Kalembedwe kotere kamakonda kubwera munthu akamaganiza m'Chingerezi cha m'malipoti, n'kumangosandutsa liwu ndi liwu. Mchewa akamalankhula nkhani yomukhudza amayamba ndi mwini ntchito. Yesa chonchi: “Ofufuza amadikira miyezi yambiri kuti akatswiri anzawo aunike zimene alemba. Tikupempha akonzi kuti aziuza wolemba tsiku limene adzamve yankho.” Apa wodandaula akudziwika, wopemphedwa akudziwika, ndipo chopemphacho munthu akhoza kuchichita kapena kuchikana.

Popeza ndemanga imauza anthu zochita, phunzira kulemera kwa mawu ako. “Akonzi aziuza” ndi langizo la nthawi zonse, chifukwa “-zi-” ameneyu amanena za chizolowezi. “Akonzi auze” ndi lamulo la kamodzi, ndipo likhoza kumveka laukali ukapanda kuliyamba ndi “tikupempha kuti”. “Akonzi ayenera kuuza” akunena za udindo. “Kukadakhala bwino akonzi akadamauza” ndi dandaulo la munthu amene sakuyembekeza kuti amvedwa. Sankha limodzi logwirizana ndi mphamvu ya umboni umene uli nawo, usawunjike onse m'ndime imodzi.

Palinso kuzemba kwabwino, kumene magazini ya kafukufuku singakhale popanda. Kafukufuku mmodzi satseka nkhani, ndiye “n'kutheka kuti”, “zikuoneka kuti” ndi “umboni umene ulipo ukusonyeza kuti” ali ndi malo awo. Koma samala ndi “akuti”. Liwu limeneli limamveka ngati mphekesera ukapanda kutchula wonena, ndipo ukalemba kuti “akuti mankhwalawa amathandiza” wowerenga amamva kuti iwe mwini sukukhulupirira. Nena kuti “ofufuzawa apeza kuti”. Ndasankha dala “apeza”, chifukwa akusonyeza kuti zopezazo ndi zatsopano ndipo zikadali ndi mphamvu lero. “Adapeza”, kapena “anapeza” monga ambiri amalembera, amabweza nkhaniyo m'mbuyo, ndipo ndi woyenera ukamakamba za kafukufuku wakale amene mwina ena adamutsutsa kale.

Funso: “Kodi mwambi uli ndi malo m'ndemanga ya magazini ya akatswiri?”

Yankho: Uli nawo, koma umodzi, ndipo ubwere mfundo itamveka kale. Mwambi sulowa m'malo mwa umboni. Mukalemba za kugwirira ntchito limodzi kwa ofufuza n'kungoti mutu umodzi susenza denga, simudatiuze chimene chimavuta munthu akamafufuza yekha. Mwambi womwewo wagwiritsidwanso ntchito kwambiri moti diso limangoudumpha. M'magazini ya nkhani wamba mpata ndi waukulu, chifukwa owerenga amabwera kudzamvanso kukoma kwa chiyankhulo.

Funso: Wowerenga wina watumiza timafunso tating'ono ta kalembedwe: magazini ino kapena magazini ano, wofufuza kapena ofufuza, nkofunika kapena n'kofunika, mau kapena mawu.

Yankho: Ikakhala imodzi timati magazini ino, magazini yathu. Akachuluka, anthu ambiri amati magazini athu, magazini awa, ndipo ndi mmene ndalembera pano. Dzinalo silisintha, ndiye mgwirizano wa mawu otsatira ndi umene umauza wowerenga chiwerengero. Musalembe “magazini yathu asindikiza”.

Wofufuza ndi mmodzi, ofufuza ndi ambiri kapena mmodzi wolemekezedwa. “Wo-” adachokera ku “wa” ndi “ku-”, pamene “o-” adachokera ku “a” ndi “ku-”. Polankhula mofulumira “w” amamezedwa, n'chifukwa chake masiku ano tikuona “munthu ofufuza” ndi “mkonzi olemba bwino” ponseponse pa intaneti. Pa tsamba la mkonzi cholakwa chimenechi chimachotsa ulemu, chifukwa wowerenga amayesa magazini yonse ndi tsamba limeneli.

Mu “n'kofunika” kachizindikiro kaja kakusonyeza kuti “ndi” wafupikitsidwa, monganso mu “n'zoona” ndi “n'chifukwa”. Kasungeni. “Mau” mudzawapeza m'mabuku akale, koma kalembedwe ka masiku ano ndi “mawu”. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo kuyambira mu 1996 ntchito yosamala ziyankhulo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ya University of Malawi. Kusintha kotereku ndi kumene kumachititsa kuti alembi a mibadwo yosiyana abweretse kalembedwe kosiyana m'kope limodzi. Mkonzi alembe pa pepala limodzi kalembedwe kamene magazini yake itsate, apatse aliyense wotumiza nkhani, ndipo iye mwini ayambe kukatsata pa tsamba lake.