Ndakhoza mayeso oyendetsa njinga yamoto: ndigule iti mwa zitatuzi?

Funso: A Mlangizi, ndine mlimi wa kachewere ndi kabichi kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu. Mwezi watha ndinakhoza mayeso oyendetsa njinga yamoto ndipo ndili ndi laisensi ya A1. Pa zaka zitatu ndasunga K3,500,000 yochokera ku mbewu, ndipo ndikufuna njinga yochitira kabaza masiku a msika komanso yotutira mbewu kuchokera kudimba kukafika kumsewu. Ndapeza njinga zitatu. Yoyamba ndi yatsopano ya 125cc m'sitolo ku Lilongwe pa K4,200,000, ndipo yotsalayo ndingakongole ku banki m'khonde. Yachiwiri ndi Bajaj Boxer ya 100cc yomwe yayendapo zaka ziwiri, ili ndi nambala ndi blue book (chikalata cha umwini wa njinga), pa K2,400,000. Yachitatu ndi ya 150cc, yooneka ngati yatsopano, yochokera tsidya la Mozambique, pa K2,700,000, koma ilibe mapepala alionse. Anzanga apasiteji akuti nditenge yachitatuyo chifukwa kwathu kuno n'kwamapiri. Ndithandizeni maganizo.

Yankho: Bambo, poyamba ndikuyamikireni chifukwa mwayamba ndi laisensi musanagule njinga, pamene ambiri mwa anzathu a kabaza amayamba ndi njinga n'kumadzaganiza za laisensi tsiku lomwe apolisi apamsewu awaimitsa. Komabe ndikuona kuti m'kalata mwanu mwayerekeza njinga zitatuzi potengera mtengo wogulira wokha, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikonzepo. Ndalama yomwe mungapereke kwa wogulitsa ndi gawo chabe la mpamba womwe bizinesi ya njinga imafuna, choncho funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti: ndikagula iyi, m'thumba mutsala zingati, ndipo zotsalazo zikwanira kuti njingayo iyende movomerezeka ndi kukonzedwa ikawonongeka koyamba?

Tiyambe ndi yachitatu, yomwe anzanu akuikonda, pakuti imeneyo ndiyo ndikufuna muichotseretu m'maganizo. Laisensi ya A1 imakulolani kuyendetsa njinga yomwe injini yake siposa 125cc, ndipo njinga yoposa pamenepo imafuna laisensi ya A. Mukakwera ya 150cc ndi A1, pamaso pa malamulo muli ngati munthu wopanda laisensi yoyenera, ndipo mutachita ngozi, kampani ya inshuwalansi ili ndi chifukwa chokwanira chokanira kukulipirirani. Vuto lalikulu kuposa apa ndi la mapepala. Njinga yolowa m'dziko muno iyenera kulipiridwa msonkho ku MRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo popanda umboni wa msonkhowo simungailembetse ku Road Traffic. Njinga yosalembetsa ilibe nambala, ilibe COF (chiphaso chotsimikiza kuti ili bwino kuyenda pamsewu), ndipo simungaigulire inshuwalansi. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti pa Lizulu malire ali pafupi kwambiri, moti munthu akhoza kuwoloka ndi njinga popanda womufunsa, koma kuphweka kwa kuwolokako sikusintha lamulo. Mtengo wa K2,700,000 ukuoneka wotsika chifukwa msonkho sunalipiridwe, ndipo ngongole ya msonkhoyo imasamukira kwa inu tsiku lomwe mwalandira makiyi.

Palinso china chomwe anthu sakonda kuchitchula poyera. Njinga zamoto zimabedwa kwambiri mbali zonse ziwiri za malire, ndipo anyamata ena a kabaza avulazidwa, ena kuphedwa kumene, ndi anthu odzionetsa ngati makasitomala. Njinga yooneka yatsopano, yotsika mtengo, yopanda pepala ngakhale limodzi, simungadziwe kuti inachoka bwanji m'manja mwa mwini wake. Ikapezeka kuti ndi yakuba, apolisi adzailanda, inu mudzafunsidwa za kupezeka ndi katundu wakuba, ndipo wogulitsayo adzakhala ali tsidya lina komwe simungamutsatire. Thukuta la zaka zitatu lisathere pa malonda otere.

Tsopano yatsopano ya ku Lilongwe. Njinga yatsopano ili ndi ubwino weniweni womwe sindingaubise: mbiri yake imayambira m'manja mwanu, sitolo yodalirika imapereka chitsimikizo cha miyezi ingapo, ndipo chaka choyamba chimakhala cha mavuto ochepa ngati mwasamala injini pa makilomita oyambirira. Koma tiyeni tiwerengere. Mukuperewera K700,000 pa mtengo wokha. Mukawonjezera kulembetsa, nambala, inshuwalansi, zipewa ziwiri zodzitetezera ndi mafuta oyambira, ngongole yanu ikhoza kufika pafupi ndi K1,000,000, ndipo mudzakhala mulibe ngakhale tambala yapadera. Magulu ambiri a banki m'khonde amaika chiwongoladzanja cha K10 kapena K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Ngati gulu lanu ndi la K20, ndiye kuti pa K1,000,000 muzipereka K200,000 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe n'komwe. Ngongole za banki m'khonde zinapangidwira malonda obweza msanga, monga kupikula tomato lero n'kugulitsa mawa. Njinga imabweza mpamba wake pang'onopang'ono, pa chaka kapena kuposerapo. Za katapila sindinenapo zambiri, musayandikireko.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri pa ngongoleyi ndi chakuti inu mwangokhoza kumene mayeso. Kukhoza mayeso kumasonyeza kuti mukudziwa malamulo ndipo mukhoza kuwongolera njinga yopanda katundu pamalo abwino. Kutsika mtunda woterera nthawi ya dzinja muli ndi mayi ndi dengu kumbuyo ndi luso lina lomwe limabwera ndi miyezi. Pafupifupi woyendetsa watsopano aliyense amagwetsapo njinga m'miyezi yoyamba, nthawi zambiri pa liwiro lochepa, pamchenga kapena pokhota. Njinga yakale ikagwa, mumasintha galasi ndi chogwirira buleki n'kupitiriza. Yatsopano yangongole ikagwa, mtengo wake umatsika pomwepo pamene ngongole ili chikhalire. Kuwonjezera apo, munthu amene akuthamangitsa tsiku lobweza ngongole amayendetsa mothamanga, amanyamula anthu awiri kapena atatu nthawi imodzi, amagwira ntchito mpaka usiku, ndipo zimenezi ndizo zadzaza zipinda za odwala mafupa m'zipatala zathu zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth. Mlimi wothyoka mwendo amataya kabaza ndi dimba lomwe.

Choncho maganizo anga ali pa yachiwiri, Boxer ya 100cc, pokhapokha ikapambana mayeso omwe ndifotokoze. Mukaigula pa K2,400,000 mutsala ndi K1,100,000, ndipo ndalama yotsalayi ndiyo mphamvu yanu. Ubwino wina wa njinga ya mtundu wofala ndi wakuti masipeya ake amapezeka m'misika yaing'ono ndipo makaniko wapafupi amaidziwa mkati ndi kunja. Musanalipire, yendani pa Lizulu, pa Tsangano Turn-off ndi pa Ntcheu boma, mufunse m'mashopu a masipeya mtengo wa tcheni ndi sipuloketi, mabuleki, pulagi, waya wa kilatchi ndi pisitoni ya mtundu umenewu. Ngati mashopu ambiri akutulutsa zinthuzi pomwepo, njingayo ndi yoyenera dera lanu. Njinga yomwe sipeya yake muyenera kukaifuna ku Lilongwe imakudyerani masiku a ntchito ndi ndalama ya basi nthawi iliyonse ikawonongeka.

Kunena zoona, anzanu sakunama pa nkhani ya mapiri. Injini ya 100cc imamva kulemera pa mitunda ya kwanuko, makamaka ikasenza matumba a kachewere. Koma yankho la zimenezi ndi kuchepetsa katundu ndi kuyenda maulendo awiri. Ngakhale ya 150cc ikasenzetsedwa matumba atatu tsiku ndi tsiku imatha kilatchi, masipoko ndi mashokabu mofanana. Mbali inayi, injini yaing'ono imamwa petulo wochepa, ndipo yosamalidwa bwino imatha kuyenda makilomita 40 kapena kuposerapo pa lita imodzi. M'dziko lomwe mafuta amasowa kawirikawiri ndipo a kabaza akumidzi amagula a m'zigubu pa mtengo wokwera, kusiyana kumeneku kumaoneka m'thumba sabata iliyonse.

Poiyesa njingayo, pitani ndi makaniko wosankha nokha, yemwe si mnzake wa wogulitsa, ndipo mumulipire pa ntchitoyo. Pitani m'mamawa ndipo mupemphe kuti asailize inu musanafike, chifukwa injini yotopa imabisa matenda ake ikatentha. Gwirani injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, kenako ilizeni. Utsi wabuluu wotuluka kumpope ukusonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo ndipo posachedwa ifuna kutsegulidwa. Yang'anani mano a sipuloketi: akakhala osongoka ndi opindika, tcheni ndi masipuloketi onse awiri ayenera kusinthidwa limodzi. Yang'anitsitsani felemu pansi pa mpando, pa keliyala ndi pakhosi pomwe pamazungulira chiwongolero, kufufuza malo owotcherera kapena openta kumene, pakuti njinga yomwe inagwira kabaza zaka ziwiri mwina inathyokapo. Musakhulupirire nambala ya makilomita yomwe ili pa wotchi, chifukwa waya wake umaduka kapena kuchotsedwa dala. Chilichonse chomwe makaniko wapeza chikhale chifukwa chotsitsira mtengo, ndipo ngati felemu inawotchereredwa pakhosi, isiyeni ngakhale atatsitsa motani.

Mapepala nawo muwaone ndi maso anu. Nambala ya injini ndi ya chasisi zomwe zalembedwa mu blue book zifanane chilembo ndi chilembo ndi zomwe zadindidwa pa chitsulo, ndipo malo odindidwawo asaoneke opalidwa. Dzina la mu blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akukugulitsani. Akakuuzani kuti mwini wake ndi mlamu wawo yemwe ali ku Johannesburg, dikirani mpaka nkhaniyo ilongosoke. Lembani kalata yogulitsirana yokhala ndi nambala zonsezi, mtengo, tsiku ndi mboni ziwiri, ndipo perekani ndalama kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti pakhale umboni. Chabwino koposa ndi kusunga gawo lina la ndalama mpaka nonse awiri mutapita ku Road Traffic kukasintha umwini, chifukwa wogulitsa akalandira zonse amasowa nthawi yokuperekezani, ndipo njinga yomwe ili m'dzina la munthu wina si yanu mokwanira. Muli konko, funsani mitengo ya lero ya COF ndi zonse zofunika kwa wonyamula anthu pamalipiro, ndipo pogula inshuwalansi munene zoona kuti njingayo izinyamula anthu.

Pa K1,100,000 yotsalayo, yambani ndi kusintha umwini, inshuwalansi, COF ngati yatha, zipewa ziwiri zolimba zomanga pachibwano ndi jekete yowala. Zipewa za pulasitiki zovala omanga nyumba sizithandiza pa ngozi ya pamsewu. Kenako sinthani oyilo, pulagi ndi mabuleki tsiku loyamba lomwelo, ndi matayala ngati atha, osadalira mawu akuti zinasinthidwa posachedwa. Zotsala zigaweni pawiri: gawo lina likhale la njinga ikawonongeka, lina libwerere kudimba. Ndikutsindika za dimbali chifukwa ndilo linabala njingayi, ndipo ndaona alimi angapo akulephera kugula feteleza ndi mbewu chaka chomwe agula njinga, n'kupezeka kuti akudalira kabaza yekha pa siteji yomwe njinga zachuluka kale kuposa okwera.

Mukayamba ntchito, gulani kope ndipo muzilemba tsiku lililonse zomwe mwalandira ndi zomwe mwawononga pa petulo, oyilo, zokonzetsa ndi zapasiteji. Palinso ndalama ina yomwe a kabaza ambiri saiwerengera, ya kutha kwa njinga yeniyeniyo. Tiyerekeze kuti Boxer imeneyi ikutumikirani miyezi 24 musanafune ina. K2,400,000 kuigawa pa miyezi 24 ndi K100,000 pamwezi, ndipo ngati mukugwira masiku 26 pamwezi, ndi pafupifupi K3,850 patsiku yomwe si phindu ayi, koma mtengo wa njinga yotsatira. Inu mwati muzichita kabaza masiku a msika okha, ndiye kuti pa tsiku lililonse la ntchito muyenera kupatula yoposa pamenepo, ndipo maulendo otuta mbewu zanu muziwalembanso pa mtengo womwe mukadalipira wa kabaza wina, kuti muone bwino chomwe njingayo ikukupindulirani. Kumbukiraninso kuti njinga ndi masipeya zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsatira mphamvu ya kwacha. Pamene kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu wotere inakwera nthawi yomweyo. Pa chifukwa chimenechi, ndalama yopatulayo ikachuluka ndi bwino kuisandutsa zinthu zomwe mudzazifuna ndithu, monga tayala kapena tcheni, kapena kuisunga ku SACCO komwe imabalako pang'ono.

Ngati Boxer imeneyi yalephera mayeso a makaniko kapena a mapepala, musathamangire ku ziwiri zinazo. Funani ina yolembetsa ya 100cc kapena 125cc, kapena dikirani mpaka mutagulitsa kachewere wa ulendo uno kuti mukagule yatsopano ndi ndalama zanuzanu. Ndipo iliyonse yomwe mungagule, mwezi woyamba muzinyamulira matumba okha, limodzi pa ulendo, m'njira zomwe mukuzidziwa, mpaka manja atazolowera momwe njinga yolemedwa imaimira ndi kukhotera. Munthu woyamba kumukweza adzabwere pambuyo pake, masana, atavala chipewa chachiwiri chija.